Mafumu a m'foni ya amalume

Lachitatu lina mu May chaka chatha, ndili m'kalasi ya mbiri ya Africa, foni yanga inanjenjemera katatu. Anali mchemwali wanga wamng'ono, ali kwathu ku Mtakataka. Nditatuluka ndinamuimbira.

"Achimwene, foni ya amalume ikukana tsamba la kukoleji kuja. Bandulo ndagula kawiri, netiweki ilipo yonse, koma ikungolemba Chingerezi chofiira."

Ndinamuuza kuti andiwerengere. Anawerenga pang'onopang'ono: "Your connection is not private." Tsiku lotseka kulandira mafomu linali Lachisanu.

Foni imeneyi amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 2016. Galasi lake linang'aluka pakona, ndipo batire imagwira chifukwa cha mphira umene anaukulunga kumbuyo. Ili ndi Android 6. Pakhomo pathu ndi yokhayo imene imalowa pa intaneti, ndipo mabanja atatu oyandikana nafe amabwereka yomweyo. Chodabwitsa n'choti WhatsApp inkagwira bwinobwino, Facebook chimodzimodzi. Tsamba lofunikalo ndi limene linkakana.

Mchemwali wangayo anapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa trading centre. Iye anamupatsa njira ziwiri. Yoyamba inali yoti angodina mawu a m'munsi olola kupitirira ngakhale foni ikuchenjeza. Yachiwiri inali yoti alipire K2,000 kuti amuikire "kafayilo" kena kamene anali nako pa memory card yake. Ndalamayo analibe, ndipo lero ndimati unali mwayi. Ananditumizira zithunzi za mapepala ake pa WhatsApp, ine n'kumudzazira fomuyo Lachinayi usiku pa kompyuta ya kusukulu.

Fomu inapita, koma nkhaniyo inandikhala pamtima. Si banja lililonse ku Mtakataka, ku Mua kapena ku Golomoti limene lili ndi mwana ku yunivesite woti n'kumuimbira. Ine ndimaphunzira mbiri, zamakompyuta si zanga. Koma nditayamba kufufuza chimene chinachitikira foni ya amalume, ndinapeza funso limene timakumana nalo m'kalasi pafupifupi sabata iliyonse: ndani amanena kuti chidindo ichi n'chenicheni, ndipo iyeyo anamupatsa mphamvu ndani?

Kalata ya amfumu

Aliyense wokulira kumudzi amaidziwa kalata ya amfumu. Ukafuna kutsimikiza kuti ndiwe wa m'mudzi wakuti, umapita kwa nyakwawa, iwo n'kulemba ndi kudinda. Kalaliki wa ku boma ku Dedza sakudziwa iwe, mwinanso nyakwawayo sakuwadziwa. Koma akudziwa agulupu amene ali pamwamba pawo, kapena akudziwa likulu la Inkosi Kachindamoto. Kalatayo imalemera chifukwa cha mzere wa anthu oikirana umboni, wina kutsimikizira mnzake mpaka kufika pa dzina limene kalalikiyo salifunsanso. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, anthu ambiri a kumidzi amene analibe pepala lililonse analembedwa podalira umboni wa mafumu awo.

Mzere umenewu uli ndi mbiri yake. Ufumu wa Kachindamoto ndi wa Angoni a kwa Maseko, wochokera m'banja la Chidyaonga ndi Chifisi, ndipo unalipo boma la atsamunda lisanakhazikike m'dera lino. Koma mu 1912 boma la Nyasaland linakhazikitsa lamulo la District Administration (Native) Ordinance, limene linapatsa bwanamkubwa mphamvu yosankha mafumu akuluakulu oti boma liziwazindikira. Mu 1933 kunabwera Native Authority Ordinance, imene inawapatsa mafumu ozindikiridwawo mphamvu zoika malamulo ang'onoang'ono, ndipo lamulo linzake linawapatsa mabwalo a milandu. Kuyambira pamenepo kunali kaundula. Mfumu yolembedwamo chidindo chake chinkagwira ntchito ku boma. Yosalembedwamo inkatha kulemekezedwa ndi anthu ake onse, koma kalata yake inali pepala chabe pamaso pa DC.

Ndipo wolemba kaundula amathanso kufufuta. Mu 1953, pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu, oyandikana nafe, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Boma linaichotsa pa ufumu. Angoni sanasiye kuitchula kuti Inkosi, koma m'kaundula wa ku Zomba dzina lake linali litachoka. Titalandira ufulu kaundulayu sanathe. Chiefs Act ya 1967 inangosamutsa cholembera, kuchoka kwa bwanamkubwa kupita kwa mtsogoleri wa dziko.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa m'foni iliyonse muli kaundula wotereyu. Mungathe kumuona nokha. Pa Android, lowani mu Settings, kenako Security, mufufuze pamene alemba kuti Trusted credentials. Mupeza mayina oposa 100 a makampani ndi mabungwe a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia amene simunawamvepo. Amenewo ndi mafumu a m'foni mwanu. Dzina lililonse likuimira chiphaso chimene amachitcha root certificate, kutanthauza chiphaso cha pamuzu, chimene sichifunanso wina wochiikira umboni.

Mmene chidindo chinalowera mu kompyuta

Vuto lake n'lakale. Ukatumiza uthenga kudzera m'manja mwa anthu osawadziwa, ungatsimikize bwanji kuti wafika kwa mwini wake, ndiponso kuti sanautsegule panjira? Mu 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anafalitsa njira yoti munthu akhale ndi makiyi awiri, wina wachinsinsi, wina woti aliyense amudziwe. Mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anapeza masamu ochitira zimenezi, amene lero amatchedwa RSA. Chimene wasaina ndi kiyi wako wachinsinsi, aliyense angachitsimikize ndi kiyi wako wapoyera, koma palibe angakopere siginecha yakoyo.

Panatsala mpata umodzi. Munthu akakupatsa kiyi wapoyera n'kunena kuti ndi wa banki yako, udziwa bwanji kuti sakunama? Yankho linachokera kwa wophunzira wa digiri yoyamba ngati ine ndi inu. Mu 1978 Loren Kohnfelder wa ku MIT analemba m'pepala lake lomalizira maphunziro kuti pakhale wina wodalirika amene azisaina kachikalata kolumikiza dzina la munthu ndi kiyi wake. Iyi ndi kalata ya amfumu ndithu, kungoti yolembedwa m'manambala. Mu 1988 kalembedwe ka zikalatazi kanakhazikitsidwa pa dzina la X.509, ndipo mu 1995 kampani ya Netscape inaika njira ya SSL mu browser yake. Kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi dzina la tsamba kanachokera kumeneko.

Koma browser inayenera kubadwa ikudziwa kale mafumu ena, apo ayi mzere wa umboni sukanakhala ndi pothera. Choncho opanga browser anayamba kusankha okha mayina oika m'kaundula. Amene analowamo msanga analemera. Mmodzi wa iwo anali wa kuno kummwera kwa Africa. Mark Shuttleworth anayambitsa kampani ya Thawte ku Cape Town mu 1995, ndipo mu December 1999 anaigulitsa kwa VeriSign ya ku America pa ndalama pafupifupi madola 575 miliyoni. Chuma chachikulu cha kampaniyo chinali choti dzina lake linali kale m'makaundula a makompyuta a dziko lonse.

Lero mukatsegula tsamba, limaonetsa foni yanu chiphaso chake, chosainidwa ndi chiphaso chapakati, chimenenso chinasainidwa ndi cha pamuzu. Nyakwawa, gulupu, Inkosi. Foni imatsatira mzerewo m'kanthawi kosakwana sekondi. Ikafika pa dzina limene lili m'kaundula wake, imatsegula. Ikafika pa dzina lachilendo, imalemba Chingerezi chofiira chija. Imateronso tsiku ndi nthawi za m'foni zikasokonekera, chifukwa chiphaso chilichonse chili ndi tsiku loyambira ndi lothera. Pa mafoni a batire yotopa, amene amabwerera zaka m'mbuyo akazima, yambani mwaona kaye deti musanaganize zina.

Mfumu yatsopano, foni yakale

Kwa zaka zambiri chiphaso cha tsamba chinali chogula chaka ndi chaka, ndipo masamba ambiri ang'onoang'ono ankangokhala opanda loko. Mu 2015 bungwe losachita malonda la Internet Security Research Group, limene anayambitsa anthu a ku Mozilla, ku Electronic Frontier Foundation ndi ku University of Michigan, linatsegula Let's Encrypt, yopereka ziphaso zaulere za masiku 90. Pofika February 2020 inali itapereka ziphaso 1 biliyoni. Kwa sukulu, mpingo kapena bizinesi yaing'ono ya m'dziko losauka ndalama zakunja ngati lathu, chaulere chotere n'chovuta kuchikana.

Vuto linali loti mfumu yatsopano sidziwika. Chiphaso chawo cha pamuzu, ISRG Root X1, chinapangidwa pa 4 June 2015, ndipo panalibe foni imene inali nacho. Ndiye anapempha kampani yakale ya IdenTrust kuti iwaikire umboni ndi chiphaso chake, DST Root CA X3, chimene chinapangidwa mu 2000 ndipo chinali kale pafupifupi m'makina onse. Pang'onopang'ono dzina latsopanolo linalowa m'makaundula. Pa Android linalowa kuyambira pa 7.1.1, imene inatuluka mu December 2016. Foni ya amalume inali itatuluka kale m'fakitale, ndipo amene anaipanga sanatumizenso zoikonzera. Kaundula wake anaima pomwepo.

DST Root CA X3 inali yoti ithe mphamvu pa 30 September 2021. Mu November 2020 a Let's Encrypt analengeza poyera kuti mafoni a Android 33.8 pa 100 aliwonse anali akale kuposa 7.1.1. Foni imodzi mwa zitatu zilizonse inali pafupi kutsekeredwa kunja kwa masamba mamiliyoni. Mwezi wotsatira anapeza njira yozembera. Android sifufuza tsiku lothera la ziphaso zimene zili kale m'kaundula wake, choncho IdenTrust inavomera kusaina umboni wina wa zaka zitatu, wopitirira moyo wa chiphaso chake chomwe. Kwa mafoni akale a Android, chidindo cha mfumu yopuma chinapitiriza kugwira ntchito. Makina ena, monga ma iPhone osafika pa iOS 10, analibe mwayi umenewu, ndipo anayamba kukana masamba tsiku lomwelo.

Zaka zitatuzo zinatha. Mu July 2023 a Let's Encrypt ananena kuti mafoni a Android 93.9 pa 100 aliwonse akuchidziwa chiphaso chawo, ndipo sadzapemphanso umboni wobwereka. Pa 8 February 2024 anasiya kuuphatikiza pa ziphaso zatsopano pokhapokha mwini tsamba ataupempha, mu June anausiyiratu, ndipo pa 30 September 2024 unatha mphamvu. Popeza ziphaso zawo n'za masiku 90, pofika May masamba ambiri anali atasintha kale. Lachitatu lija, mchemwali wanga anagunda khoma limene linalengezedwa kalekale, m'Chingerezi, pa tsamba limene palibe wa ku Mtakataka akanaliwerenga.

Sindikuwaimba mlandu. Anachenjeza nthawi ilipo, anawonjezeranso zaka zitatu. Koma 6 pa 100 ya dziko lonse sinamwazikane mofanana. Foni yakale sitayidwa, imasamuka. Imachoka m'manja mwa woigula yatsopano, n'kudutsa m'misika ya mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, n'kudzafika kwa ife. Kumene foni imasinthidwa zaka ziwiri zilizonse, chiwerengero chija n'chosaoneka. Kwathu chikhoza kukhala foni yokhayo ya mabanja anayi.

Kulonga ufumu m'foni

Pa holide ya August ndinapita kumudzi ndi cholinga choikonza. Android imalola munthu kuwonjezera yekha dzina m'kaundula, ndipo "kafayilo" ka mnyamata wokonza mafoni uja kayenera kuti kanali ka ntchito imeneyi. Mwina kanali kenikeni. Koma taganizani chimene chimachitika mukaika root certificate. Mwauza foni yanu kuti chilichonse chimene mwini chiphasocho wasaina n'choona. Ngati ndi wakuba, ndipo ali ndi njira yoima pakati pa inu ndi intaneti, monga pa Wi-Fi yake, akhoza kusaina tsamba labodza la banki yanu, loko n'kuoneka bwinobwino, iye akuwerenga pasiwedi yanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi zinachitikapo. Mu 2011 munthu wina anathyola makompyuta a DigiNotar, kampani ya ku Netherlands imene inali m'makaundula onse, n'kudzipangira ziphaso zabodza mazanamazana, kuphatikizapo cha Google. Anthu pafupifupi 300,000, ambiri a ku Iran, anadutsa pa chiphaso chabodzacho osadziwa. Opanga browser anaifufuta DigiNotar m'kaundula, ndipo mu September chaka chomwecho kampaniyo inagwa. Mu July 2019 makampani a intaneti ku Kazakhstan anauza anthu kuti aike m'mafoni mwawo chiphaso cha boma, ati n'cha chitetezo. Chinkalola boma kuwerenga zimene anthu akulemba pa Facebook, Twitter ndi Google. Mwezi wotsatira Mozilla, Google ndi Apple anachitsekera m'ma browser awo. Kumeneko anthu anachita kuuzidwa ndi boma. Kwathu munthu angakuuzeni zomwezo pa benchi ya pa msika, inu n'kumulipiranso.

Choncho ndinachita mosamala. Fayilo ya ISRG Root X1 ndinaitenga pa tsamba la Let's Encrypt lenilenilo, pogwiritsa ntchito foni yanga yatsopano imene imatha kutsimikiza tsambalo. Ndinaisamutsira m'foni ya amalume, n'kulowa mu Settings, Security, kenako pamene alemba zoika chiphaso kuchokera mu storage. Foni inakana kupitirira mpaka titaika PIN yotsekera, chinthu chimene amalume sanachikonde chifukwa foniyo imayenda m'manja ambiri. Itatha, ndinatsegula chiphasocho n'kuyerekeza nambala yake ya SHA-256, imene ili ngati chidindo cha chala, ndi ya chiphaso chomwecho m'kaundula wa foni yanga. Imayamba ndi 96:BC:EC, ndipo mchemwali wanga ankawerenga mokweza, ine ndikutsatira, mpaka kumapeto. Tsamba lija linatseguka.

Pamwamba pa galasi panatulukanso chenjezo loti netiweki ikhoza kukhala ikuyang'aniridwa ndi wina. Amalume analiona.

"Nanga ichi chikuti chiyani, mphwanga?"

"Chikuti mwalowetsa mfumu imene sinabwere ndi foni, amalume."

"Ndiye mfumu imeneyo ukuidziwa iweyo?"

Ndinayankha kuti eya, koma ndinadziwa kuti ndikuidziwa chifukwa foni yanga yatsopano yaiikira umboni, ndipo foni yangayo ndimaikhulupirira chifukwa cha kampani imene sindinaionepo. Amalume sanaphunzire za X.509, koma funso lawo ndi lomwe lija la Kohnfelder.

Kwa amene anali ndi foni yotere, panali njira yosavuta kuposa imene ndinatsata ine. Firefox imayenda ndi kaundula wakewake, ndipo mu 2024 inkagwirabe pa Android 5 kupita m'tsogolo. Dziwaninso kuti kuyambira pa Android 7.0, mapulogalamu ambiri salabadira chiphaso choika nokha, choncho kuika sikuthetsa zonse. Ndipo musadine zopitirira chenjezo pa tsamba limene mukukalembapo pasiwedi, nambala ya chiphaso cha unzika kapena za ndalama.

Kaundula ndi wa ndani?

Mbiri ya mafoni a m'manja m'Malawi si yaitali. TNM inayamba mu 1995, chaka chomwe Netscape inatulutsa SSL. Celtel inabwera mu 1999, n'kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. M'zaka zosakwana 30 tasamutsira m'foni ndalama, mafomu a sukulu ndi kufunsira ntchito. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limanena za siginecha za pa kompyuta ndipo limapatsa MACRA udindo pa nkhanizi. Koma kaundula wa m'foni ya amalume salembedwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amalembedwa ndi makampani ochepa, makamaka Google, Apple, Microsoft ndi Mozilla.

Kuyerekeza kwanga ndi 1912 kuli ndi malire, ndipo ndiyenera kuvomereza. Bwanamkubwa ankasankha mafumu pofuna msonkho ndi bata la boma lake. Makaundula a lero ali ndi malamulo olembedwa poyera, zokambirana za Mozilla aliyense angaziwerenge, ndipo kufufuta DigiNotar kunateteza anthu wamba. Nkhani ya Kazakhstan ikutiphunzitsanso kuti kaundula wolembedwa ndi boma lako lomwe akhoza kukhala woopsa kuposa wa mlendo. Chimene chikufanana n'chimodzi: anthu amene kaundula akuwakhudza kwambiri ndi amene amamva pomaliza kuti wasintha.

Pali zimene tingachite osadikira aliyense. Anzathu a computer science amene mukumanga masamba a masukulu, makhonsolo ndi mabungwe, yesani tsamba lanu pa foni ya zaka 8 musanalengeze kuti mafomu onse azidzera pa intaneti, ndipo siyani njira ina, kaya ya pepala kaya ya uthenga wamba, kwa amene foni yawo yakana. Amene amayang'anira zoulutsa mawu ndi makampani a netiweki akhoza kulengeza masiku ngati 30 September 2024 m'Chichewa pa wailesi, monga amachitira ndi kulembetsa ma SIM card. Ndipo anyamata okonza mafoni m'ma trading centre, amene ndi akatswiri okhawo omwe anthu akumudzi amawafikira, aphunzitsidwe kusiyanitsa chiphaso chenicheni ndi chabodza. Mnyamata uja sanali wakuba ayi, ankagulitsa yankho limene iyenso sakanatha kulitsimikiza.

Google inasintha zinthu pa Android 14, imene inatuluka mu 2023: tsopano kaundula akhoza kukonzedwa kudzera pa Google Play popanda kudikira wopanga foni. Ndi nkhani yabwino kwa amene adzagule mafoni amenewo akadzafika pa msika wa kaunjika. Chiphaso chimene ndinaika m'foni ya amalume chidzatha mphamvu pa 4 June 2035. Ndinawauza tsikulo. Anaseka, n'kunena kuti mphira wa batire sufika kumeneko, kenako anandipempha kuti ndiwalembere PIN ija papepala, aipatse mayi a kuseri amene amabwereka foniyo Loweruka lililonse kuti alankhule ndi mwana wawo wa ku Joni.